Pikapu ya a Domingo

Ndinachoka ku Limbuli chaka chimene mvula inachedwa kwambiri, tiyi osaphuka, akapitawo a ku esiteti n'kutiuza ife othyola masamba kuti tiyambe takhala kunyumba. Bambo a ana anga anali atamwalira kale. Ana awiriwo, Esinati ndi mlongo wake wamng'ono, ndinawasiya m'manja mwa mchimwene wanga Festoni, amene tinapondana kubadwa, ine wamkulu. Anandinyamula pa njinga mpaka pasiteji, chikwama chili pamiyendo panga. Basi itafika anangoti, "Pitani achemwali. Anawa ndi anganso."

Za ulendo wa ku Joni ndimangokumbukira kutentha kwa ku Tete ndi kutupa kwa mapazi. Chimene sichichoka m'mutu ndi chipinda chimene ndinafikira, kanyumba ka malata okhaokha kuseri kwa nyumba ya eni dziko. Tinkagonamo akazi angapo, wina mutu uku wina mutu uko. Nyengo yozizira mpweya wathu unkasanduka madzi kudenga n'kumatidonthera kumaso. M'menemo ndi mmene ndinadziwira Rosa. Tsiku lina anapsa chala ndi poto n'kutukwana m'Chilomwe, mawu omwewo amene ankatukwanira mayi anga mbuzi zikalowa m'munda. Ndinaseka mpaka misozi. Kwawo kunali ku Milanje, tsidya lina la mtsinje wa Muloza, moti phiri limene iye ankaliona ali mwana ndi lomwelo limene ndinkaliona ine. Kuyambira pamenepo bulangeti lathu linali limodzi, sopo mmodzi, ndipo wina akadwala mnzake ankapita kukamugwirira ntchito kuti malo asalandidwe.

Rosa ndi amene anandipezera ntchito ya m'nyumba kwa banja lina lolemera. Ndinkachapa, kusita, kukolopa, kubereka mwana wawo wamng'ono, ndipo Loweruka ndinkatsuka galimoto ya adona, yaikulu, yotuwa, mipando yake yachikopa. Geti la panyumbapo linali loyendera magetsi, koma nthawi ina linawonongeka, ndiye ndinkatsegula ndine ndi manja adona akamaperekeza ana kusukulu. M'mawa wina nditangolikankha, galimoto ili pakati pa geti, anatulukira amuna awiri. Sindinaone kumene anachokera. Wina analoza adona mfuti patsaya n'kuwatsitsa, winayo anakoka ana n'kuwaponya paudzu ngati matumba. Ine ndinangoti kakasi, manja ali pageti. Pamene ndinkati ndikuwe n'kuti galimoto itakhota kale pakona.

Apolisi atabwera anafunsa funso limodzi: ndani ankadziwa kuti geti ndi lowonongeka? Maso onse anatembenukira kwa ine. Abwana analanda foni yanga n'kumawerenga mayina limodzilimodzi. "Festoni ndi ndani? Bwanji umamuimbira kawirikawiri?" Ndinati ndi mchimwene wanga, ali kumudzi, akulera ana anga. Sanamve. Ananditengera kupolisi, anandifunsa zomwezomwezo mobwerezabwereza mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kundimasula poti panalibe chondigwirira. Pobwerera ndinapeza chikwama changa chili kunja kwa geti. Adona, amene ndinkawasisita msana akadwala, sanatuluke n'komwe. Ndinangoona mwana amene ndinkamubereka uja ali pawindo, mphuno ataikanikiza pagalasi.

Madzulo ake Rosa anandiphikira tiyi wa shuga wambiri, n'kunena kuti, "Galimoto imeneyo pofika mawa ikhala itawoloka malire. Akaipala manambala, akaipaka utoto wina, akaipezera mapepala. Mwina tsiku lina udzaikwera wekha kwanu, n'kulipira." Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa.

Miyezi yotsatira inali yoipa. Dzina langa linali litada pakati pa mabwana a dera limenelo, moti palibe amene ankafuna kundilemba. Kwa nthawi ndithu sindinatumize kanthu kumudzi. Kenako ndinayamba kuphika pamalo okwerera mataxi, kenako kuchapa m'mafulati, kenako kukolopa m'maofesi. Panali chaka china chimene eni dziko anatiukira ife obwera, tinathawira muholo ya tchalitchi, zovala zathu zina n'kupsera m'kanyumba kaja. Zonsezi zinandiphunzitsa kuyang'ana manja a munthu ndisanayang'ane nkhope yake. Munthu akandisekerera kwambiri ndinkagwira chikwama. Wina akandiuza kuti fulumira, ndinkaima.

Zinthu zitakhalanso bwino ndinayamba kutumiza katundu ndi matransipota: malata, mafelemu a mawindo, mabulangeti, nsapato za ana. Anzanga ambiri ankalira ndi abale awo. Mayi wina wa ku Phalombe anatumiza kwa zaka, pobwerera n'kupeza mulu wa njerwa utamera udzu. Festoni sanandichite zimenezo. Ankanditumizira zithunzi pafoni, maziko, khoma likufika m'mawindo, denga. Izi ndikuzinena dala, kuti zimene zikubwerazi muzimve bwino. Mchimwene wanga sanandidyere ngakhale msomali umodzi.

Mawondo atayamba kukana masitepe ndinaganiza zobwerera. Rosa anatsala. Anandiperekeza kudepoti, anandimangira mpango wake m'khosi, osalira, n'kutembenuka basi isananyamuke.

Nyumba ndinaipeza itaima monga m'zithunzi, koma anthu ake anali ena. Esinati anali atatalika kundiposa, akugwira ntchito m'shopu ina pamsika. Ankanditchula kuti amayi, koma mmene munthu amatchulira mayi aliyense wokumana naye panjira. Chilichonse chofuna nzeru ankati, "Ndikafunsa ankolo." Mng'onoyo ankadya mofulumira n'kuthawira kwa ankolo ake. Festoni naye anali atasiya kale ku esiteti. Tsopano anali dobadoba paboda ya Muloza, uja wothandiza anthu kuwolotsa katundu, kusintha ndalama, kupeza wogula kapena wogulitsa. Ankavala nsapato zosongoka, mafoni awiri m'manja, ndipo akamayankhula maso ake ankakhala kumsewu.

Maganizo anga anali ogula pikapu, ndizinyamula zinanazi, nthochi ndi mapeyala kupita nazo ku Limbe. Ndinamuuza Festoni. Sipanapite nthawi, masana ena ndikuyanika chinangwa, ndinamva hutala pabwalo. Inali pikapu yoyera, yooneka bwino moti ana a m'mudzi anaizungulira n'kumadziyang'anira m'zitseko. Festoni anatsika akumwetulira, pambuyo pake bambo wina wamfupi, wa mawu ofewa, atavala jekete yachikopa dzuwa lili phwee.

"Achemwali, awa ndi a Domingo, anzanga a tsidya lija. Mwayi wanu uwu."

A Domingo anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumanditchula kuti mana, mmene amatchulira mlongo kwawoko. Anati galimotoyo inachokera ku Japan, inatsikira padoko la ku Beira, inagwirako ntchito kwa ansembe ena, kenako anailembetsa kuno. Anatulutsa bulubuku, kabuku ka umwini wa galimoto. Atanena mtengo ndinawafunsa kawiri, poganiza kuti sindinamve bwino, chifukwa unali wotsika kwambiri.

"Ndili ndi odwala kuchipatala, mana, n'chifukwa chake. Koma pasafike Loweruka. Pali bambo wina wa sitolo akuifunanso."

Mawu akuti pasafike Loweruka anandiimitsa mtima. Ndinawafunsa ngati galimotoyo inafikapo ku Joni. Anati ayi, ngakhale kamodzi, matayala ake sadziwa msewu wa kumeneko.

Ndinayamba kuizungulira pang'onopang'ono. Ine za injini sindizidziwa. Koma nambala ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zinali zatsopano, zonyezimira kuposa galimoto yake. Kiyi anali mmodzi yekha, wopanda chizindikiro chilichonse, ngati uja amadula pamsika. Pakona ya galasi lililonse panali kamalo kotuwa, kokhulidwa ndi sandipepala. Ndinalowa mkati, ndipo mwachizolowezi cha nthawi imene ndinkatsuka galimoto ya adona, ndinapisa dzanja pakati pa mpando ndi chotsamira. Chala chinagunda kachitsulo. Ndinakatulutsa. Inali ndalama ya ku Joni, ija ya chithunzi cha nyumbu, imene ndinkagulira buledi.

Ndinaiika pachikhatho n'kuwaonetsa. A Domingo anaseka. Festoni anasekanso, koma mochedwerapo.

"Achemwali, pa Limbuli pano ndani alibe ndalama ya ku Joni? Inuyo mulibe? Mwina yagwa m'thumba mwanga."

Zinali zoona. Ndalama imayenda, ilibe mudzi. Ndinangoti ndiganize kaye.

Atachoka ndinamuimbira Rosa. Anamvetsera osandidula, kenako anati msuweni wake anagula galimoto ya mtundu umenewo, ya mapepala ooneka bwino, ndipo anakagwidwa nayo paboda. Galimoto inalandidwa, ndalama zinapita, iyeyo anakhala m'ndende mpaka tsitsi kutuwa.

"Pepala aliyense akhoza kulemba," anatero Rosa. "Pali nambala ya chasesi yodindidwa pachitsulo chenicheni, pali ya injini, zifanane ndi za m'bulubuku. Koma ngakhale zifanane, maso ako sangaone ngati anachita kuzidinda dzulo. Pita nayo kupolisi ku Blantyre, kuli amene amafufuza galimoto zobedwa m'maiko oyandikana. Upitenso ku ofesi ya zamsewu akakuuze dzina la mwini wake. Ndipo wogulitsayo akhale pambali pako. Usapereke kanthu usanachite zimenezo."

Kutacha ndinapita kwa Festoni. Ndinamupeza akupukuta nsapato pakhonde, Esinati ali pomwepo, atabwera kudzatenga makala kwa azakhali ake, akazi a Festoni. Ndinafotokoza mofatsa kuti galimoto ndaikonda, koma ndigula tikabwera nayo kupolisi.

Anaika nsapato pansi. "Ndiye kuti mukundiyesa wakuba."

"Sindinatero, achimwene. A Domingo sindiwadziwa."

"Koma ine mukundidziwa. Ndine ndawabweretsa pakhomo panu. Mukawakayikira iwo mwakayikira ine. Zaka zonse zija munatumiza katundu, chinasowa n'chiyani? Nenani pano mwanayu amve."

"Palibe chinasowa."

"Nanga lero ndikubereni pa chifukwa chanji?"

Esinati anatula makala aja. Sanandiyang'ane kumaso. "Amayi, mwabwera ndi mtima wa ku Joni. Kuno sitikhala choncho. Ankolo anatilera ife inu kulibe, lero mukufuna muwachititse manyazi pamaso pa anzawo?"

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndimadziwa kuwawa kwa kuyang'anidwa ngati wakuba ndi anthu amene unawatumikira ndi mtima wonse. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa ngati ine tsopano ndasanduka adona aja. Masiku awiri otsatira Festoni sanaponde pakhomo panga. Alamu anga anandidutsa pachitsime osandipatsa moni. Ndinatsala pang'ono kungopereka ndalamazo kuti pabanja pakhale mtendere. Koma ndikatseka maso ndinkaona timalo totuwa tija pamagalasi, ndipo ndinkadzifunsa kuti ansembe angakhule magalasi a galimoto yawo chifukwa chiyani.

Tsiku lotsatira Festoni anabwera, osakhala pansi. "A Domingo avomera. Mawa tikupita ku Blantyre kwanuko. Mukakaona kuti ndi yabwino mudzandipepese pamaso pa ana."

Ndinati ndidzapepesa ndi mbuzi yomwe.

Tinanyamukira pamsika wa Limbuli anthu akuona. A Domingo anapatsa Festoni kiyi, akuti laisensi yawo ndi ya tsidya lija, apolisi a pamsewu amavuta nayo. Pikapuyo inali ya mpando umodzi wautali, ndiye ine ndinakhala pakati, a Domingo kuchitseko. Kunali chiperoni, phiri litabisala, minda ya tiyi ikungooneka mbali ya kumsewu yokha. Tisanafike pa Boma a Domingo anayamba kutsitsa mtengo okha, ine osapempha. Titadutsa pa Chitakale anati ali ndi mnzawo ku Limbe amene angatipezere kalata ya polisi popanda kuima pamzere. Ndinati mzere ndinauzolowera. Anayamba kulemba mauthenga pafoni ataitembenuzira kuchitseko kuti ndisaone. Ndinayang'ana Festoni. Maso ake anali pamsewu.

Tikuyandikira pa Thuchila, minibasi yochokera kutsogolo inatiphethirira nyali, dalaivala wake n'kuloza pansi ndi chala. Ina inachitanso chimodzimodzi. Festoni anaima pambali n'kufunsa wa kabaza wina kuti kutsogolo kuli chiyani.

"Rodibuloko, bwana. Koma si a masiku onse aja. Awa akutsegulitsa maboneti, akuchita kugwada kuyang'ana kunsi."

Linali tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, njinga, madengu a tomato, mbuzi zomangidwa miyendo. A Domingo anatsegula chitseko mwakachetechete. "Mana, ndikataye madzi kaye. Ndikubwera pompano." Anavula jekete ija n'kuipinda pamkono. Ndinawatsatira ndi maso mpaka analowa pakati pa ogulitsa kaunjika, kenako sindinawaonenso.

Tinadikira. Festoni anaimba foni, inaitana osayankhidwa. Anaimbanso, inali itazimitsidwa. Anatsika, anazungulira msika, anafika mpaka kuzimbudzi, anabwerera yekha thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anakhala pampando n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Achemwali, titsike. Tiisiye pompano. Tikwere minibasi tizipita kwathu."

"Limbuli yonse yationa tikunyamuka nayo. Mawa apolisi adzafika pakhomo panga, kenako panu."

"Ndiye tibwerere nayo. Ndikaiwolotsa ine mtsinje, palibe adzadziwe."

"Tipite nayo kwa apolisi ali apowo, tikanene tokha."

Ananditembenukira, maso atafiira. "Woyendetsa ndine. Woibweretsa ndine. Amanga ine, osati inu."

"Ndikakuimirani umboni. Ndikanena kuti tinali pa ulendo wopita nayo kupolisi, ndipo munavomera nokha. Sindikakusiyani."

Ndinadikira pang'ono, kenako ndinatsika n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kurodibuloko. Sindinacheuke. Ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga akhoza kutembenuza galimoto n'kuthawira ku Muloza, ndipo ndikanena zoona kwa apolisi ndikhala ndapereka mwana wa mayi anga. Ndinadutsa ogulitsa nzimbe, ndinadutsa chigayo. Kenako ndinamva injini kumbuyo kwanga, ikuyenda pang'onopang'ono mofanana ndi mapazi anga. Inaima pambali panga, chitseko n'kutseguka.

"Kwerani," anatero Festoni. "Musakafike wapansi ngati mulibe abale."

Tinakaima tokha apolisi asanatiimitse. Ndinafotokoza zonse kwa wamkulu wawo, bambo wodekha amene anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatsegulitsa boneti, anawalitsa tochi, anapukuta chitsulo ndi kansanza. Anaitana mnzake, nayenso anayang'ana, n'kuyendetsa chala pamanambala aja. Anandiuza kuti ndigwirepo. Pamalopo panali polowa pang'ono ngati mbale, posalala kuposa pena ponse, ndipo manambala ake ena anali opendekeka.

"Apa anapala, n'kudinda ena," anatero. "Mayi, munapereka kale ndalama?"

Ndinati ayi.

"Thokozani Mulungu."

Galimoto anaitengera kupolisi, ifenso. Ine anandifunsa n'kundilola kupita. Festoni anamusunga. Patapita masiku anatiuza kuti akatswiri apeza nambala yeniyeni pamalo ena obisika, ndipo pikapuyo inalandidwa ndi mfuti ku Joni kwa bambo wina wokonza mapaipi, akutuluka pakhomo pake kupita kuntchito. Bulubuku ija inali yopeka. Nditamva ndinakhala pabenchi nthawi yaitali, ndikuganiza kuti kaya kunyumba kwa bambo ameneyo anathamangitsako ndani.

Masiku onse amene Festoni anali m'chitolokosi ndinkamupititsira chakudya. Esinati ankapita payekha, nthawi ina, kuti tisakumane. Tsiku lina wapolisi anatilola kukhala panja pakhonde. Ndinamubweretsera mpunga ndi nandolo. Anali atamera ndevu, nsapato zosongoka zija atamuvula. Ndinadikira kuti adye, kenako ndinafunsa chimene chinkandisowetsa tulo.

"Achimwene, pano tili awiri. Munkadziwa?"

Anatafuna nthawi yaitali. "Sindinafunse."

"Simunadziwe, kapena simunafunse?"

"Paboda munthu wofunsafunsa sadya, achemwali. Wina akabwera ndi katundu, iwe umapeza wogula, basi." Anapukuta pakamwa. "Miyezi ija inu munali pa ulova, osatumiza kanthu, ku esiteti nako atatichotsa, mukuganiza ana anu ankadya chiyani? Yunifolomu ya Esinati inachokera kuti? Inuyo munafunsa?"

Sindinafunse. Nthawi imeneyo ndinkangothokoza pafoni kuti ana ali bwino. Ndinasonkhanitsa mbale zija.

Anamumasula patapita nthawi, poti umboni wanga ndi wa apolisi a parodibuloko unagwirizana kuti galimoto anaipereka yekha. A Domingo sanaonekenso, tsidya lino kapena tsidya lija, ndipo ena amati dzinalo silinali lawo. Festoni anabwerera kuboda. Timapatsana moni, pamaliro timakhala mbali imodzi, akadwala ndimapita kukamuona. Koma nkhani ya pikapu sitinaikambenso, ndipo mbuzi ija palibe anaitchula. Esinati anatenga nthawi kuti ayambenso kudya pakhomo panga. Tsiku limene anabwera sananene kuti pepani, inenso sindinayembekezere. Anangotenga tsache n'kuyamba kusesa.

Chaka chotsatira ndinagula pikapu ina, yakale, yosuta, kwa aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Chonde. Tinapita nayo kupolisi ndi ku ofesi ya zamsewu eni ake ali pomwepo, ndipo pamene ankaifufuza iwo ankasinza pabenchi, chipewa chili kumaso. Ndiyo imene ikundinyamulira zinanazi mpaka lero. Imavuta kuliza m'mawa, koma ndikaona rodibuloko mtima sugunda.

Mwezi wathawu anabwera a Nasimango, mayi amene timapemphera limodzi, amene mwana wawo ali ku Cape Town ndipo wawatumizira ndalama zoti agule galimoto ya hayala. Anakhala pamkeka, anakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene anu andipezera galimoto, yabwino ndithu, yotchipa. Ndati ndifunse inu poti ndinu mlongo wawo. Kodi ndi munthu wokhulupirika?"

Ndinayang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Ndi munthu wabwino," ndinatero. "Koma musapereke kanthu musanapite nayo kupolisi. Mwini galimotoyo akwere nanu, ndipo inuyo mukhale kuchitseko."